Chitamando cha Kugogoda kwa Injini pa Msika wa Maramba

Pa msika wa Maramba mumzinda wa Livingstone, pamene mtengo wa chinthu chilichonse, kuyambira thumba la makala kufikira mbale ya kapenta ndi mulu wa salaula, umayamba uli wokwera n'kumatsika malinga ndi lilime la wogula, pali mboni imodzi yokha imene sinenereredwa ndipo silandira chiphuphu, ndiyo kugogoda kwa injini za galimoto zakale zonyamula katundu, zimene ambiri ku Zambia amazitcha vaneti. Ma Toyota Hilux, ma Isuzu KB ndi ma Nissan 1400 amene amafika m'bandakucha kuchokera ku Kalomo, ku Zimba kapena m'msewu wa Nakatindi atasenza katundu woposa msinkhu wawo, ambiri amabwera ndi mlangizi ameneyu pansi pa boneti, ndipo ngakhale eni ake amamutukwana, akuluakulu ananena kale kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Choyamba choyamikirika n'chakuti kugogoda sikulankhula zozungulira, pakuti vuto lililonse lili ndi mawu akeake. Kulira kwa tsetsetse kumene kumamveka pamwamba pa injini kumachokera ku mavavu, ndiwo tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi, ndipo nthawi zambiri kumangopempha kuti mipata yake ichunidwe. Kulira kopyapyala kumene injini ya petulo imatulutsa pokwera chitunda itasenza katundu kumasonyeza kuti mafuta akuphulika mosalongosoka m'silinda, mwina chifukwa moto wa pulagi ukufulumira, mwaye waunjikana pamutu pa pisitoni, kapena injini yatenthetsa. Pisitoni yodyeka imawomba khoma la silinda m'mawa kukuzizira, koma imatonthola ikafunda n'kufufuma. Mfumu ya mawu onsewa ndi kugogoda kwakuya kochokera pansi, kumene kumakula injini ikatentha ndiponso dalaivala akaponda moto, ndipo kumalengeza kuti mabeyaring'i a pa kirankishafuti, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachizunguza, adyeka. Makaniko wodziwa ntchito amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu, kenaka amazula waya wa pulagi umodziumodzi, kapena kumasula paipi ya injekita ngati injiniyo ndi ya dizilo, ndipo silinda imene phokoso lachepa itazimitsidwa ndiyo yopalamula. Palibe bwalo la milandu limene limapeza wolakwa mofulumira chonchi.

Ulemu waukulu wa kugogodaku uli pa phunziro limene kumapereka kwaulere lokhudza mphamvu ya oyilo, nkhani imene anthu ambiri amaimva mopotoka. Pampu ya oyilo ntchito yake ndi kukankha oyilo kuti aziyenda, koma mphamvu imene geji imawerenga imabadwa chifukwa oyiloyo akupanikizika podutsa m'mipata yaing'ono kwambiri ya pakati pa beyaring'i ndi kirankishafuti, imene pa injini yabwino imakhala cha m'ma 0.02 mpaka 0.05 a milimita, kuchepera tsitsi la munthu. Mipatayo ikakula chifukwa cha fumbi la m'misewu yadothi, oyilo wokhalitsa ndi fyuluta yosasinthidwa, oyilo amapulumuka mosavuta, mphamvu imagwa, ndipo chitsulo chimayamba kumenya chitsulo chinzake. M'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumadutsa madigiri 35, oyilo amasungunuka msanga ndipo phunzirolo limamveka bwino kwa onse ogulitsa tomato amene ali pafupi.

Kanyali kofiira ka oyilo ka pa dashibodi nako n'koyenera kutamandidwa, makamaka chifukwa cha ulemu wake, popeza pa galimoto zambiri sikayaka mpaka mphamvu itatsika kufika pansi pa theka la bar (muyeso wa mphamvuyi), nthawi imene zambiri zimakhala zitaonongeka kale, ndipo motero sikasokoneza mwini galimoto ndi nkhawa za msanga. Kakayamba kuphethira injini itatentha, galimoto itaima pampata wotsitsira katundu, wanzeru amachotsa swichi yake n'kumangapo geji yeniyeni, chifukwa swichiyo nayo imatha kunama. Muyeso umene amakaniko ambiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti pa maulendo 1,000 aliwonse amene injini imazungulira pa mphindi pazikhala mphamvu ya pafupifupi 0.7 bar. Mphamvu ikakhala yabwino injini ili yozizira n'kugwa ikatentha, amene amayamba kuganiziridwa ndi mabeyaring'i. Ikakhala yotsika nthawi zonse, amatsitsa sampu, m'mene oyilo amakhala, kuti aone ngati sefa ya pampu yatsekeka ndi matope a oyilo wakale kapena vavu yochepetsa mphamvu yakanirira yotseguka. Tizidutswa tonyezimira ta mtundu wa mkuwa tikapezeka mu oyilo wokhuthulidwayo, mlandu watha.

Kuleza mtima kwa kugogoda kumaposa kwa wokongoza ndalama aliyense pamsikapo. Mwini galimoto amathira oyilo wolimba wa 20W-50, phokoso limachepa kwa masabata angapo, iye n'kumauza anzake kuti galimoto yachira. Likabwerera amakweza wailesi, ndipo kanyali kaja amakamata ndi tepi yakuda, njira imene ili ndi ubwino wakuti ndi yotchipa kuposa zonse. Kugogodako sikukwiya ndipo sikutopa, kumangowonjezera mawu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo amene akufuna kugulitsa vaneti yotere kwa munthu wosadziwa amakakamizika kuionetsa m'mawa injini isanafunde, umene uli umboni wakuti ngakhale wachinyengo amaiopa mboni imeneyi.

Pa chuma cha mzindawu, ntchito ya kugogoda si yochepa. Livingstone, umene unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, unali ndi fakitale ya Livingstone Motor Assemblers imene inkalumikiza galimoto za Fiat m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero, fakitaleyo itatsekedwa, luso la sipanala likusungidwa ndi anthu amene amaphwasula injini pansi pa mitengo. Beyaring'i imodzi yodyeka imadyetsa makaniko ndi anyamata ake, wogulitsa masipeya, wopala kirankishafuti amene amaichepetsa ndi 0.25 kapena 0.50 a milimita kuti pamangidwe mabeyaring'i okhuthala, ndiponso okankha mawilibala amene amatuta matumba vaneti ikafera panjira. Amene wamvera chenjezo msanga amalipira anthu atatu kapena anayi mwa amenewa. Amene wapirira mpaka injini itanoka, ndiko kuti ndodo ya pisitoni yathyoka n'kuboola thupi la injini kapena zitsulo zamatirirana, amafunafuna injini ina yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan kapena ku South Africa, ndipo podikira amabwereka vaneti ya mnzake, imene nayonso yayamba kale kugogoda.