Kalata yochokera ku Cape Town: chipewa chija ndi cha m'khitchini

Achimwene,

Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno imalowa mpaka m'mafupa. Mupereke moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ndamva kuti chithunzi chija ndinakutumizirani pa WhatsApp chazungulira Chiponde yense, mpaka chawolokera ku Mandimba popanda pasipoti. Akuti ndalowa usilikali wapamadzi, ena akuti ndine kaputeni. Achimwene, chipewa choyeracho ndi cha m'khitchini. Ndimatsuka mbale m'lesitilanti ina ku V&A Waterfront, ndipo sitima yankhondo inali kumbuyo kwangayo sitidziwana, ndinangoima nayo pafupi.

Koma poti amalume akufunsa za sitimayo, muwawerengere izi mokweza. Zilipo zitatu zofanana, za asilikali apamadzi a South Africa, ndipo anazimanga konkuno a Damen Shipyards Cape Town. Yachisamba ndi SAS King Sekhukhune I, dzina la mfumu ya Apedi imene inalimbana ndi Mabuno mu 1876 ndi Angelezi mu 1879. Mwambo woyamba kuimanga unachitika mu Febuluwale 2019.

Imeneyo ndiye ndinaiona ikuyenda pamtunda, mu Malichi 2021, ndipo ndinali ndisanalawe kalikonse. Chinthu cholemera matani oposa 600 anachikweza pa ngolo za matayala osawerengeka, n'kumachikoka usiku kupita pa chikepe chotsitsira sitima m'madzi. Amuna a zipewa zolimba ankayenda wapansi m'mbali mwake, kuyang'ana tayala lililonse, wina atakweza dzanja, wina akulankhula pa wailesi. Liwiro lake, agogo athu ndi ndodo yawo akanaipitirira n'kukafika kumsika isanakhote n'komwe. Ine ndinaima chapatali manja ali m'thumba, mtima uli pa basi yomaliza.

M'litali ndi mamita 62, kuposa Ilala yathu ndi mamita 10. Mphuno yake ndi yopyapyala, yoima chilili, moti imang'amba mafunde m'malo mokwera pamwamba pake. Kutsogoloko kuli mfuti ya mamilimita 20. Amalume asadzione otsalira pa nkhani ya mfutiyi. Mfuti ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi boma ndi ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu yomweyo. Zoti ya Majeremaniyo inali pamtunda akuikonza, zimenezo musawakumbutse.

Mu Juni 2022 King Sekhukhune I inayamba ntchito ku Durban, kumene ndi kwawo kwake tsopano. Ntchito yake si nkhondo zikuluzikulu za m'mafilimu ayi. Imalondera m'mbali mwa gombe, kuthamangitsa opha nsomba mwakuba ndi ozembetsa katundu, ndiponso kupulumutsa anthu akachita ngozi panyanja. Anyamata athu a njinga zamoto amene amadutsa njira zam'tchire usiku muwauze agone tulo, sitimayi phiri la ku Namwera singakwere. Inzake inatsatira mu 2023, SAS King Shaka Zulu, kenako SAS Adam Kok III, imene ndinajambulitsa nayo ija.

Tsopano apa ndiye mutchere khutu. Poyamba boma la kuno linkafuna sitima zisanu ndi imodzi: zitatu zolondera pafupi ndi gombe, zitatu zikuluzikulu zopita pakati penipeni pa nyanja. Atawerenga m'thumba, zikuluzikuluzo anaziika padera. Joni yemweyu, mwini golide, mwini misewu yosanjikizana, anachepetsa pulani pakati! Ndiye ine wotsuka mbale ndine yani? Nyumba ya zipinda zinayi ija ndinalonjeza nditaima pa depoti, auzeni amisiri kuti tiyambe ndi ziwiri. Maziko a zinazo akumbe ndithu, anthu aziona kuti maganizo alipo.

Mauthenga ndalandira ambiri sabata ino. Abale ena sindinawamvepo chibadwire, koma onse akudziwa kuti malipiro a kaputeni ndi ochuluka. Wina wapempha injini ya boti, chonsecho kwathuko madzi timatunga pa mjigo. Wina akuti ndimulembe ntchito mwana wake m'sitimamo, ngakhale yokolopa. Mwanayo amasanza akakwera minibasi yopita ku Mangochi.

Katundu ndapereka kwa transipota, afika mwezi ukatha: mabulangete awiri a amayi, sola imodzi, ndi nsapato za ana. Ndalama ya feteleza ndatumiza pa foni ya alamu, osati yanu, chifukwa mumadziwa. Galimoto ikamabwerera kuno munditumizireko usipa wouma ndi nandolo, ndipo mumange bwino pawiri, chifukwa ulendo watha basi yonse inkandiyang'ana ine.

Ndine mphwanu,
ku Cape Town