Bawuti Yathyoka Yokha

Galimoto yanga inayamba kulankhula m'nyengo ya mvula. Ndikangokwera hampu mu Great North Road, pomwe msewuwo umadula tawuni yathu ya Kafue pakati, pansi pankamveka kuti gu-gudu! ngati wina akusinja mumtondo wong'ambika. Ndinachita zomwe mwini galimoto aliyense wanzeru amachita: ndinakweza wailesi. Miyezi iwiri tinakhala mwamtendere. Koma tsiku lina nditanyamula apongozi kuchokera ku Shikoswe, iwo anafunsa mwaulemu wonse ngati kumbuyoko ndanyamula mbuzi. M'mawa mwake ndinalawirira kugalaja.

Galaja ndikunenayi ndi mtengo wa mango, matayala akutha atatu okhalapo alendo, ndi bokosi la masipanala lomwe kiyi wake amalendewera m'khosi mwa mwini. Amakanika anagwedeza gudumu, nasuzumira pansi, nadzuka akupukuta manja. "Ni mabushi chabe, bosi. Manje-manje muzayenda." Ndinakhala patayala osavula n'jekete yomwe.

Inu amene simunagonepo chagada pansi pa Corolla, bushi ndi kamphira kopanikizidwa pakati pa timapaipi tiwiri tachitsulo, pamalo pomwe mkono wogwira gudumu umalumikizana ndi thupi la galimoto. Pakati pake pamadutsa bawuti. Madzi ndi matope zikamalowa chaka ndi chaka, dzimbiri limamangitsa ukwati pakati pa bawutiyo ndi kapaipi kamkati, ukwati woti ngakhale ankhoswe a mbali zonse sangauthetse. Ukapotokola, mphira umangopindika pang'ono. Ukasiya, zonse zimabwerera pomwe zinali, ngati mlamu uja amavomera usiku uliwonse kuti mawa apita kwawo.

Nati inatuluka yosavuta. Bawuti inakana.

Kuno kwathu n'kupanda mwambo kudutsa pamalo pomwe miyendo ya munthu yatulukira pansi pa galimoto osapereka malangizo. Pamaliro umagwada, paukwati umafupa, pabawuti yokana umaima, n'kupinda manja kumbuyo. Woyamba anali woyendetsa takisi, amene anati tithire WD-40. Chitini chinalipo, koma chinauma chaka chatha; amangochisunga kuti galaja ioneke yaulemu. Wachiwiri, mnyamata wa kabuthi kotumizira ndalama pafoni, analumbira kuti dzimbiri limaopa Coca-Cola. Ndinagula. Bawuti inalawa kachitsekerero kamodzi, zotsalazo anamwa sipanala boyi, kuti zisawonongeke. Wogulitsa nsomba za mumtsinje anatsamiritsa njinga pamango nati iye galimoto sanakhalepo nayo, koma mafuta a mabuleki sanamukhumudwitsepo. Tinathira. Wina anabwera ndi dizilo. Pofika 11 koloko bawuti ija inali italawa zakumwa zambiri kuposa mlendo wolemekezeka, koma osasuntha.

Patayala lachitatu panakhala mudala wina, wa chipewa chotuwa, amene anagwirapo ntchito ya zitsulo ku Nitrogen, fakitale ya feteleza ija inayamba kugwira ntchito mu 1970. Iye analankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, bawuti iyo yafa kale. Musaikakamize. Lowetsani sowo mbali zonse ziwiri za bushi, mudule, mkono utsika wokha. Mugule ina."

Palibe anamumva. Malangizo akewo analibe chionetsero, ndipo anthu anali atasiya kale ntchito zawo.

M'malo mwake bwalo linayamba kufufuza wolakwa, ndipo monga mwa mwambo linasankha anthu amene panalibe. Woyamba kupezeka ndi mlandu anali makanika amene anagwira galimotoyi m'mbuyomu, munthu wosadziwa girizi. Kenaka anthu a ku Japan, amene kumpoto kwa dziko lawo amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, n'kutitumizira galimoto zonyezimira pamwamba koma zodyeka kunsi. Kenaka malole opita ku Chirundu, okumba msewu. Kenaka mahampu. Wa nsomba uja anaonjeza kuti zitsulo za masiku ano ndi za bodza, onani mlatho wa njanji pamtsinjepo, wa 1906, ukadali chiimire. Ndinafuna kunena kuti vuto lathu ndi lomwelo, chitsulo chofuna kukhala chiimire mpaka kalekale, koma mwini galimoto salankhula pamlandu wa galimoto yake. Ntchito yake ndi kupisa m'thumba.

Panabwera paipi yovekera kusipanala. Itachepa, panabwera ina yaitali, yomwe ndikuganiza kuti inali mzati wa mpanda wa munthu. Amakanika anagwira kunsonga, wa takisi pakati, sipanala boyi analendewera ngati nyani. Gulu linawerenga. Kamodzi. Kawiri.

Phwa!

Anthu atatu anagwa chagada m'fumbi. Panali zii. Amakanika anadzuka, natola mutu wa bawuti, naupenyetsetsa ngati akuuona koyamba, nabwera nao kwa ine ndi manja awiri.

"Bosi, bawuti yathyoka."

Apa mundilole ndiime pang'ono, chifukwa chinenero chathuchi n'chachifundo kuposa makhoti onse. Pali kuthyola, pali kuthyoka. Kuthyola kumafuna munthu, dzina lake, mwinanso chipukuta misozi. Kuthyoka sikufuna aliyense. Kunyumba kapu imasweka, mwana ataima poteropo manja ali kumbuyo. Kuofesi fayilo imasowa. Kutchalitchi ndalama za denga zimasokonekera. Foni yobwereka imawonongeka, ndiwo zimatayika, lonjezo limaiwalika. Ndinali nditaona ndi maso angawa amuna atatu odya bwino akulendewera pampanda wa eni ake, koma chiganizo chitatuluka, onse atatu munalibemo. Munatsala bawuti yokha, yomwe inaganiza payokha, pazifukwa zake, kuti lero ndithyoke. Gulu linapukusa mitu pomvera chisoni amakanika. Wina anandiyang'ana ine ngati kuti ndinailera molakwika.

Mutu unachoka, koma thunthu linatsalira m'kati, logwirana ndi mkazi wake uja. Anaitana wa gasi. Moto umathandizadi, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma ndipo dzimbiri limasweka, koma pabushi choyamba kupsa ndi mphira. Utsi wakuda unakwera m'mango. Mayi wogulitsa vitumbuwa pafupipo ananyamula beseni lake akutiuza mawu omwe sindingalembe, ndipo ine ndinagula vitumbuwa khumi kuti mtendere ubwerere. Anamenya ndi hamala mpaka kunsonga kwa bawuti kunaphwatalala ngati bowa, kotero kuti ngakhale ikanafuna kulapa, potulukira panalibenso. Anatenga girayinda, koma magetsi anali atapita. Mtsinje womwe timauona tsiku lililonsewu ndi womwe umakapukusa makina ku Kafue Gorge, koma umatidutsa ngati wachibale wolemera.

Ndiye panatsala sowo yamanja. Lumo lake ndinagula ndine. Sipanala boyi anacheka mbali iyi, nacheka mbali inayo, thukuta lili kamukamu, ndipo dzuwa litapendeka mkono unatsika wokha, monga momwe mudala uja ananenera m'mawa. "Ndinanena ine!" anatero wa takisi. "Ndi Coca-Cola ija yalowerera," anatero wa kabuthi. Mudala anangokonza chipewa.

Bawuti yatsopano inapezeka msanga modabwitsa. Mnyamata anathamangira kusitolo ya zomangira nyumba nabwera ndi yonyezimira bwino. Mudala anaipempha, naitembenuza, naloza pamutu pake posalala.

"Apa payenera kukhala nambala. Onani yakaleyo." Pamutu wothyoka paja, pansi pa dzimbiri, panalembedwa 10.9. "Nambala imeneyi ndi mphamvu ya chitsulo. 8.8 ndi yocheperapo. Yopanda nambala iyi mukamangire khola la nkhuku. Gudumu likachoka pa Shimabala, mudzati lachoka lokha?"

Funso limeneli palibe analikonda.

Choncho galimoto inagona pansi pa mango, mlonda analandira yake ya tiyi, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi ulendo wa makilomita oposa 40 kupita ku Lusaka, mutu wa bawuti uli m'thumba la malaya ngati dzino lozula. Nditabwerako ndinapeza mudala ali patayala lake. Iye ndi amene anauza amakanika kuti apake girizi wa kopa pathunthu la bawuti, kuti amene adzamasule m'tsogolo asadzatitukwane. Iyenso ndi amene anawagwira mkono pomwe ankafuna kumangitsa galimoto ikadali pajeke: itsike kaye, iime pamagudumu ake, ndiye mumange kotheratu, apo ayi mphira ukhala wopotoka ndipo ung'ambika miyezi ingapo isanathe.

"Niziba, mudala, niziba," anatero amakanika, akubweza sipanala mwakachetechete.

Mtengo unakwera kawiri, pachifukwa chakuti bawuti inawavutitsa. Zidutswa zake sipanala boyi anaponya m'thumba la zitsulo zakutha, zomwe ogula amakatula kufakitale yosungunula zitsulo konkuno ku Kafue. Mwina pofika chaka chamawa bawuti yanga idzakhala m'maziko a nyumba ya munthu, ntchito yoiyenera, yosafuna kusuntha.

Ndinatuluka wailesi ili yotseka, kuti ndimve kukoma kwa ndalama zanga. Hampu yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu, gu-gudu! kuchokera kugudumu linalo. Ndinaimba foni. "Iyo mbali ni yosavuta, bosi," anatero amakanika. "Bwelani mailo."

Kunyumba mayi a ana anandilandira pakhomo, nafunsa za ndalama ya unga yomwe inali muenvulopu pamwamba pa kabati.

"Yatha," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala yakuda ndi girizi.

"Yatha yokha?"