Januwale, galu wobwera pa ndege

Mlamu wanga anakhala zaka zisanu ku Dubai akuyendetsa galimoto ya Mwarabu wina. Anzake akabwerako amafikira kugula malata ndi njinga yamoto. Iye anabwerako ndi galu. Tinakamuchingamira pabwalo la ndege la Chileka, ndipo bokosi litatsegulidwa munatuluka chinthu cha miyendo ngati ya kakowa, m'chiuno ngati mavu, nthiti zoti ukhoza kuziwerenga uli kutsidya kwa msewu. Mnyamata wa kabaza anayang'ana galu, n'kuyang'ana mlamu.

"Bwana, ameneyu mwamulipirira ndege?"

"Eya. Ndi Saluki ameneyu."

"Pepani. Mukanandiuza ine, otere ku Lirangwe ndikanakupezerani atatu aulere, ndi chingwe chomwe."

Mlamu anamutcha Sultan. Ana a m'mudzi anamutcha Januwale, mwezi wa njala, ndipo dzina lomwe linakhala ndi limenelo.

*

Vuto n'lakuti kwathu kuno galu woonda ndi umboni. Amanena za mwiniwake. Mlamu ankafotokozera aliyense kuti Saluki amabadwa choncho, kuti ngakhale ndi wamtali masentimita pafupifupi 70 amangolemera makilogalamu 20 ndi pang'ono, kuti nthiti ziwiri zitatu zimayenera kuoneka, ndipo akanenepa ndiye kuti wamuwononga. Anthu ankagwedeza mutu mwaulemu. Akachoka ankati, "Mwamva? Kuumira kwafika pokhala ndi sayansi."

Apongozi ake anayamba kubwera m'mawa uliwonse ndi mkute m'kambale, n'kumauponya kuseri kwa mpanda mozemba. Januwale ankaununkhiza, n'kuwayang'ana anganga aja ngati amupatsa fomu yoti alembe, n'kutembenuka. Nkhuku za mlamu ndi zomwe zinanenepa chaka chimenecho.

*

Nkhuku zomwezo zinakopa wakuba. Usiku wina khola linayeretsedwa, tambala ndi misoti isanu ndi umodzi, galu ali pakhonde osatulutsa ngakhale liwu limodzi. Saluki sauwauwa, ndipo za mlendo alibe nazo ntchito. Chomwe chimamudzutsa ndi chinthu chothamanga basi, chifukwa iye amasaka ndi maso, pomwe agalu athuwa amadalira mphuno.

M'mawa mlamu analongosola zonsezi kwa anthu omwe anabwera kudzapepesa. Mkulu wina anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye kuti wakubayo anachoka akuyenda pang'onopang'ono?"

"Zikuoneka choncho."

"Ameneyo ndi wophunzira. Anawerengapo za galu wanuyu."

*

Ulemu wa Januwale unabwerera ku Lirangwe, koma kwa mphindi zochepa. Munali mu Seputembala, tchire litapsa, anyamata a kumeneko atatitengera kuuzimba ndi agalu awo ofiirira aja. Ankaseka njira yonse, wina mpaka anafunsa ngati amubereke. Kalulu atangodzambatuka pachitsamba, kuseka kunathera pomwepo. Tinangoona fumbi. Agalu enawo anathamanga pang'ono, kenako anaima n'kumaonerera limodzi nafe.

Apa mlamu sananame. Kwawo kuchipululu Aarabu akhala akusaka naye agwape ndi akalulu kuyambira kalekale, nthawi zina mothandizana ndi mphamba woweta, ndipo buku la Guinness la 1996 linalemba kuti Saluki anathamanga makilomita 68.8 pa ola. Ndi liwiro la minibasi ya ku Zalewa ikakhala kuti yadzaza ndipo kondakitala wasiya kuitanira.

Chomwe mlamu sanatiuze n'choti galuyu akangoyamba kuthamanga, makutu amakhala okongoletsera chabe. Tinaimba mluzu, tinaitana Sultan, tinaitana Januwale, ine mpaka ndinayesa "achimwene". Titamupeza dzuwa litapendeka, kalulu anali atamumaliza kalekale ndipo anali ataonjezerapo kamwana ka mbuzi ya eni. Kwa iye kanali kagwape.

Kubwalo, amfumu anafunsa mwini mbuzi ngati anamuona bwino galuyo.

"Ayi, amfumu. Ndinaona mbuzi ili apo. Kenako sindinaione."

Mlamu analipira mbuzi yaikulu. Kuyambira pamenepo galu amatuluka ali pachingwe, ndipo mpanda wa kunyumba anauonjezera kawiri, chifukwa woyamba uja ankaulumpha ngati mzere wa m'munda.

*

Makutu aja ali ndi ubweya wautali wolendewera, ndipo akamadya umalowa m'mbale. Azungu oweta agalu amenewa amawaveka kansalu kumutu pa nthawi ya chakudya. Mchemwali wanga sanafune zambiri, anangong'amba chitenje chakale n'kumumanga duku. Tsiku lina kunja kukuchita chisisira, mlaliki wina analowa pageti, n'kuona mutu wa duku pakhonde. Anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Mayiwo sanayankhe. Mlalikiyo anakauza anthu kuti kunyumba ya wa ku Dubai uja kuli mlendo wonyada, komanso akuoneka kuti akudwala.

*

Pogona napo ndi nkhani. Galu wopanda mafuta m'thupi sangagone pasimenti, mafupa amamupweteka, ndipo kuzizira kwa mu Juni kumamulowa msanga ngakhale kuno ku Chileka kotentha. Choncho sofa ya anthu atatu ija ndi yake, ndi bulangete lomwe. Ine ndikapita kukacheza amandiyalira mphasa. Ndinadandaulapo kamodzi, mchemwali n'kundiyankha kuti, "Inu achimwene muli ndi pokhalira ponona, mwanayu alibe."

*

A Mission Rabies, omwe akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre kuyambira 2015, atafika m'dera lathu, mlamu anasamba, n'kumupesa galu wake makutu ndi mchira, n'kukaima pamzere. Kutsogolo kwake kunali mwana wa sitandade 4 atakoka galu wa nkhupakupa pa luzi. Jakisoni anali yemweyo, waulere, ndipo onse awiri anapakidwa utoto womwewo pachipumi.

Mlamu akulandira kakhadi, gogo wina yemwe anali pambuyo pake anamukoka malaya n'kumunong'oneza.

"Mwanawe, katemera yekha sathandiza. Uzimupatsako nsima."