Mapanga Awiri Avumbwitsa, Makamaka ku Mulanje

Agogo anga aamuna ankaponya mwambi umenewu akaona munthu akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yosowa poikira. Nkhani yake njachidule. Munthu ali kuthengo, mvula yayamba, ndipo mwamwayi pali mapanga awiri. Walowa loyamba, koma mtima ukumunong'oneza kuti lofunda ndi linalo. Wathamangira komweko, wapeza likudontha, wakumbukanso ubwino wa loyamba lija. Mmene mvula ikukata, mnzake wa phanga limodzi ali gwa, wouma, iye ali chinyowere ngati khoswe wogwera mumtsuko.

Ndili mwana ndinkayesa mwambiwu ngwa amuna amitala basi. Nditakula ndinaona kuti Lilongwe yense amakhala pakati pa mapanga awiri. Foni ya ma SIM awiri, Airtel ndi TNM, koma pofuna kuimba onse alibe mayunitsi. M'mawa kutchalitchi cha makolo, masana kwa mneneri wa mutenti. Mapiritsi a kuchipatala m'thumba lamanja, mizu ya kwa sing'anga m'thumba lamanzere. Andale ndiye osanena, ena amasunga nsalu za zipani ziwiri musutikesi imodzi. Zonsezi ndinkaziseka ndili phee pakhonde panga ku Kawale, mpaka Julaye wapitayu pamene ndinavumbwa ineyo, mvula yeniyeni yamadzi, nditavala suti yobwereka.

Mwana wa achemwali anga ndi namwino, ndipo anapita kukagwira ntchito ku Glasgow monga achitira anamwino athu ambiri. Patatha zaka zinayi anaimba foni: "Amalume, ndapeza munthu." Munthuyo anali mnyamata wa ku Scotland, wamtali ngati pholo la magetsi, waulemu woti ngakhale wamuponda ndiwe, iye ndi amene amapepesa. Kwa ife Achewa mwini mbumba ndi malume, choncho unkhoswe unagwera ine. Sindinawiringule. Anthu amenewa tinadziwana nawo kale: Blantyre ndi dzina la kwawo kwa David Livingstone, limene amishoni anapatsa malo awo mu 1876, ndipo Kamuzu amene anaphunzirako ku Edinburgh nakhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Ndinati ameneyu ndi mwana wa kwa aneba, kungoti anebawo ali patali pang'ono.

Chinasokoneza zinthu ndi mawu amodzi, "ochepa". "Amalume, tikufuna ukwati wa anthu ochepa, 40 okha, m'munsi mwa phiri la Mulanje." Mnyamatayo akuti anakwerapo Sapitwa, mamita 3,002 onse aja, ndipo mtima wake unatsalira komweko. Ine ndinakhala kaye pansi. Ku Kawale anthu 40 ndi komiti yophika yokha.

Ukwati wa kwathu kuno suitanidwa, umamveka. Ukamva zokuzira mawu zikuyesedwa Loweruka m'mawa, umasamba, kuvala, n'kutsatira phokoso. Ndipo khamu limenelo musaliyese la ongofuna mpunga, ndi banki. Amene munam'ponyera K500 m'lichero pa perekaniperekani wa mwana wake akulidziwa tsiku lanu, ndipo adzabwera kudzabweza akuvina. Achemwali anga akhala akuvina ndi kuponya ndalama m'maukwati a eni ku Biwi, ku Chilinde, ku Area 23 mpaka ku Chinsapo kwa zaka 25. Nsalu za yunifolomu zimene anagula m'maukwati amenewo zikhoza kufolera tchalitchi. Kuwauza mayi wotere kuti ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi ukakhala wa anthu 40 kuli ngati kuuza mlimi amene wathira feteleza kawiri kuti chaka chino kulibe kukolola.

Apa mpamene ndinakumba mapanga anga awiri ndi pakamwa panga. Kwa mwana ndinati, "Usadandaule, 40 ndi 40." Kwa mayi ake ndinati, "Musadandaule achemwali, tiona chochita." Amene anakhalapo m'komiti ya ukwati akudziwa kuti "tiona chochita" ndi ngongole yopanda tsiku, koma mwini wake saiwala.

Nzeru yanga inali yakuti khamu lidye chinkhoswe ku Kawale, ochepawo akadye ukwati ku Mulanje. Pajatu lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe monganso wa kutchalitchi kapena wa kwa DC, ndiye ndinati onse a pachinkhoswe adzakhala ataona ukwati weniweni. Ndipo chinkhoswecho chinakoma. Bambo ake a mkamwini, amene anaima ngati nkhoswe wakuchimuna, anatipatsa tambala, ife n'kuwapatsa thadzi. Munthu wa zaka zoposa 60 anali asanagwirepo nkhuku yamoyo. Anainyamula motalikitsa ndi manja onse awiri ngati ikhoza kuphulika, nkhukuyo n'kumawayang'ana modabwa. Titabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti akuchimuna apeze wawo, mkamwini anamuzindikira msanga chifukwa cha nsapato zimene anamugulira yekha ku Glasgow, amayi n'kudandaula kuti wawadulira ndalama yovundukulira. Atalandira nkhwangwa yake anandikokera pambali n'kundifunsa mwaulemu ngati pabwalo la ndege la Kamuzu angamulole kukwera nayo.

Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo. M'mawa ndinapeza andiika m'gulu la WhatsApp la ulendo wa ku Mulanje, ndipo wapampando ndinali ine. Kani chinkhoswe chija anthu anangochiyesa chotsukira mkamwa.

Makhadi anatuluka 40 ndithu, 20 akuchimuna, 20 akuchikazi, lililonse lili ndi dzina la munthu mmodzi ndi zilembo zoti RSVP. Koma masamu a khadi ku Kawale ndi ena. Khadi limodzi ndi mwini khadi, mkazi wake, mlamu amene sanaonepo Mulanje, ndi neba amene anabwereketsa simbi yositira. Mwana wakumsana sawerengedwa. Azakhali ena a ku Area 25 anati iwo khadi safuna chifukwa mkwatibwi anamusambitsa ali khanda, ndipo palibe pepala limene lingaposepo pamenepo. Pofika Lachinayi ndalama ya basi inali itakwana.

Tinanyamuka 3 koloko m'bandakucha. Pa Lizulu basi inaima kuti amayi agule kabichi ndi mbatatesi, ndipo pamenepo mpamene ndinaona kuti kumbuyo kuli kale thumba la ufa, mapoto awiri aakulu, zigubu za thobwa ndi mbuzi yosenda. Ndinafunsa kuti zimenezi nzachiyani popeza chakudya analipira kale. Achemwali anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake anthu amapita ndi khasu kumunda. Tinadutsa Ntcheu, tinawoloka Shire pa Zalewa, tinapyola Blantyre ndi Limbe, n'kukhotera pa Chitakale kulowera cha ku Likhubula, nyimbo zili pakamwa.

Pamalopo tinapeza kapinga wometedwa bwino, tenti yoyera, ndi mipando 40, uliwonse uli ndi kakhadi ka dzina. Mayi wokonza mwambo anaima pakhomo ndi mndandanda m'manja. Anayamba kuwerenga anthu otsika m'basi akumwetulira. Atafika pa 30 kumwetulira kunatha. Atafika pa 60 anasiya kuwerenga. Mkwatibwi anasuzumira pawindo, tsitsi lili theka, n'kungonena mawu amodzi: "Amalume." Ndakhalapo pa milandu ya kwa amfumu, koma sindinaweruzidwepo mwachidule chotero.

Anthu a ku Mulanje amasimba kuti m'phirimo muli mizimu, ndipo kuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale panjira uzidya wekha, osaitana mnzako. Zikhulupiriro zoterezi ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti UNESCO iike phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Ine nditaima pakati pa basi ndi mipando 40 ija ndinazindikira kuti ukwati wa makhadi okhaokha sanayambitse ndi azungu. Anayambitsa ndi mizimu ya ku Mulanje.

Tinagwirizana kuti a makhadi akhale mutenti, a basi akhale m'chisakasa cha nkhuni kuseri kwa khitchini, mtunda wa mamita ngati 100. Mapanga awiri enieni, ooneka ndi maso.

Kenaka mkamwini anatulukira ndi abale ake aamuna, onse atavala kilt, chovala chaulemu cha kwawo, chimene kwa munthu wa ku Kawale ndi siketi ya mandalasi yolekeza m'mawondo. Nthungululu inayamba n'kuzimira panjira. Amayi anga, amene anakhala zaka 20 pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza, anandikodola. "Iwe, nthawi ya Kamuzu buluku anatiletsa ife akazi. Kodi kwawoko analetsa amuna?" Azakhali a ku Area 25 aja anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kukachipereka kwa bambo ake a mkamwini kuti abise mawondo. Iwo anathokoza kwambiri, n'kuchikoleka m'khosi.

Akuchimuna anasankha Julaye chifukwa kwawo ndi nthawi ya tchuthi, komanso anamva kuti ku Malawi mvula imakhala itatha. Ku Lilongwe nzoona, Julaye ndi fumbi ndi milomo yong'aluka. Koma Mulanje ali ndi kalendala yakeyake. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere ya India imadzera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone, n'kudzagunda Mulanje. Ndiye chiperoni chimenecho: nkhungu, kuzizira, ndi mvula yamawawa yosadziwa kukata. Tiyi wa m'minda yonse ija amakondwa nacho, koma suti ayi. Abusa atangotsegula buku, mtambo unatsika. Phiri limene tinaliyendera makilomita pafupifupi 400 linasowa ngati munthu wangongole. Pa zithunzi zonse za tsikulo akwati akuoneka ngati aima kutsogolo kwa shiti yoyanikidwa. Okondwa anali a ku Scotland okha, amene anati nyengo yake ili ngati kwawo ndendende. Anyamata a ku Biwi, ovala malaya opyapyala ofuna kuonekera pa Facebook, mano anali gwegwegwe.

Ine ntchito yanga inali kuthamanga. Kutenti akuti, "Ankhoswe, utsi ukulowa kuno." Ndathamangira kuchisakasa. Kuchisakasa akuti, "Achimwene, kafunseni mchere, komanso atiuze nthawi ya perekani." Ndathamangira kutenti. Kutenti akuti ana a m'basi akudya maluwa a shuga a pakeke. Kuchisakasa akuti agogo ake a mkwatibwi aikidwa pakati pa azungu awiri ndipo akufuna womasulira. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinaima pakati pa kapinga, madzi akuyenderera m'khosi, utoto wa suti ukutsikira m'malaya oyera, ndipo ndinamva mawu a agogo anga aamuna bwinobwino ngati ali kumbuyo kwanga.

Mutentimo zinthu zinkayenda mwa dongosolo lake. Anabweretsa kambale ka supu. Amayi anga anapinda manja n'kudikira. Patapita nthawi mnyamata anabwera kudzachotsa mbale, iwo n'kuigwira. "Msuzi ndauona mwanawe, nsima ili kuti?" Kenaka anaimirira mnzake womuperekeza mkwati, monga mwa mwambo wa kwawo, nayamba kusimba momwe mkwati analedzerera ali pasukulu mpaka kugona m'basi n'kukadzukira tauni ina. Akuchimuna ankaseka mpaka misozi. Msuweni wathu ankamasulira monong'ona, nkhope za akuchikazi zikugwa chimodzichimodzi. "Ameneyu ndi mnzake kapena anamulanda mkazi?" anafunsa achemwali. Kwathu zofooka za mkwati zimanenedwa usiku, kuchipinda, anankungwi atatseka chitseko, osati pa maikolofoni apongozi ali pompo.

Chimene chinathetsa mlandu ndi denga la tenti. Madzi anadzadza pakona imodzi, linatsika ngati mimba ya ng'ombe, kenaka khuthu, pa tebulo la akuchimuna. Panalibe woitana wina. Anthu onse 40 anathamangira kumene kunali moto. Mmene ndinkafika ine, amuna a masiketi anali pamzere ndi mbale m'manja, azakhali akuwaphunzitsa kutema nsima ndi kuboola pakati ndi chala chachikulu kuti msuzi wa mbuzi ulowe.

Perekaniperekani anayambika yekha. Mnyamata wina wa ku Area 23, amene palibe anamuitana koma amakhala MC m'maukwati onse, anakwera pachitsa. Asewere athu anabwera ndi envelopu yomata, monga achitira kwawo, kufuna kuipereka mwakachetechete. MC anakana. Anawatengera kwa amayi osintha ndalama, amene anawapatsa njerwa ya ma K50 ndi ma K100. Munthu wamkulu anavina theka la ola, akuponya imodziimodzi, chitenje chili m'khosi, ndipo njerwa itatha anakasinthanso. "Tsopano amuna onse ovala masiketi, kutsogolo!" Lichero linadzadza kawiri. Nawo anatiphunzitsa gule wa kwawo wotchedwa ceilidh, wogwirana mikono n'kumazungulira wina akufuula zochita. Amayi a chisamba anaugwira pa nyimbo yoyamba, yachiwiri anali akuwongola eni ake.

Tinafika ku Kawale Lamlungu madzulo, ine ndikuyetsemula. Ndisanatsegule n'chitseko chomwe, aneba atatu amene basi inawachepera anali atakhala kale pakhonde. Anandifunsa za ulendo, anaona zithunzi za shiti yoyanikidwa zija, anagwedeza mitu. Kenaka wamkulu mwa iwo anakonza pakhosi. "Zakomadi. Ndiye kunja kwachaku mwapita kukajambulitsa. Nanga ukwati weniweniwo uliko liti?"

Komiti ikumana Loweruka likubwerali kwa achemwali, 2 koloko masana. Wapampando ndine. Mwini suti naye akuti abwera, ali ndi mawu.