Mpopi wa mowa ku Chintheche

Munthu wa kuno kunyanja akabwera kuchokera ku Joni salengeza ndi pakamwa. Imalengeza ndi nyumba. Kale ankaonera malata, kenako dishi ya DStv, kenako matailosi mpaka pakhonde. Mnansi wathu wina ku Chintheche waonjeza: wagumula chipinda cha alendo, wamangamo kauntala ya simenti, waika galasi kukhoma ndi mipando itatu ya miyendo italiitali. Pakati pa kauntalayo waimikapo mpopi wonyezimira umene anaufungata m'basi kuyambira ku Park Station, kudutsa pa Beitbridge, osalola kondakitala kuukhudza. Ndi mpopi wa mowa. Madzi akumwa mayi a m'nyumbamo amakatungabe kumjigo.

"Mowa wa m'botolo ndi wa anthu osayenda," anatero tsiku lotsegulira, jekete ili pathupi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Carlsberg yakhala ikufulidwa ku Blantyre kuyambira 1968, ndipo Gulini wa m'botolo sanalakwirepo munthu m'mbali mwa msewu wa M5. Koma botolo aliyense amaligwira, ngakhale amene sanafikepo ndi pa Jenda pomwe.

Zimene mkuluyu sanaziwerengere zili kunsi kwa kauntala. Mpopi paokha sutulutsa kanthu. Pamafunika mgolo wachitsulo, silinda ya gasi yokankhira mowa, ndi firiji yosazima, pakuti mowa wa mumgolo ukafunda umasanduka thovu. Magetsi akwathu nawo amayenda maulendo awo osatsanzika. Mgolowo unafika pa minibasi, utatsamira matumba a usipa, wakhutchumuka pa dzenje lililonse, ndipo unapeza magetsi kulibe.

Tambula yoyamba inapita kwa amalume, monga mwa ulemu. Anaiyang'ana pamwamba, anaiyang'ana pansi.

"Mphwanga, uwu ndi mowa, kapena mwachapiramo malaya?"

Anamwabe. Anapemphanso ina kuti atsimikize.

Apa m'pamene pali vuto la bala ya pakhomo: ilibe kasitomala, ili ndi abale okhaokha. Amalume mungawauze mtengo? Alamu amangoti "tingolawako," ndipo kulawa kwa alamu kumayamba asodzi akukocheza m'mawa, kutha nyali zitayakanso panyanja. Mkulu wa mpingo wina anabwera kudzaona matailosi basi, ndipo anawaona mpaka usiku, tambula ataibisa kuseri kwa mpando. Wina amene ubale wake sitinaumvetse anafotokoza kuti agogo ake ndi agogo a mwininyumba anaphunzira limodzi ku Bandawe. Anapatsidwa mpando.

Mgolo unauma dzuwa lisanalowe kawiri. Wachiwiri ukubwera, akutero, ndipo wakhala ukubwera kuyambira mvula isanagwe. Mnyamata wina wanzeru zake anayesa kuthiramo masese, gaga n'kutseka paipi.

Anthu sanasiye kufika. Amagula Chibuku kapena Kuche Kuche pagolosale, n'kudzakwera mipando italiitali ija, miyendo ili lendelende, dzanja lili pampopi, mnzawo akujambula kuti a ku Cape Town aone pa WhatsApp kuti kumudzi zinthu zasintha.

Mwini wake wabwerera ku Joni kukasaka ndalama ya gasi. Makiyi anasiyira mayi, amene pakauntala akuyanikapo ufa wa kondowole, ndipo pachitseko amata pepala: kujambulitsa utagwira mpopi K500.

"Ngakhale ine?" anafunsa amalume.

"Inu ndi K1,000, amalume. Mumachedwa kutsika pampando."