Penti yachikasu ku Manchester

Ku Manchester mabasi pafupifupi onse tsopano ndi achikasu. Kuyambira mu 2023 akuluakulu a mzindawo ndiwo amagawa misewu ku makampani pansi pa dzina loti Bee Network, ndipo kugawako kunatha mu Januwale 2025. A Stagecoach, aja ankatinyamula ku Blantyre kusanabwere Shire Bus Lines, misewu ina anawalanda nkuipatsa a Metroline. Madalaivala ambiri ndi omwewo, angosintha yunifolomu.

Mabasi ena ndi atsopanodi, amagetsi, oyenda mwakachetechete moti agogo owodzera pa siteji amadzidzimuka basi itawapitirira. Enawo ndi nkhalamba zomwe zija, angozidzoza penti. Injini ikangotsokomola pamtunda, mumadziwa kuti basi iyi mpando wake munaukhalapo kale.