Mbaula Yosiyira Adzukulu

Pamsika wa Balaka ndinafunsa mmisiri wokhoma ndowa ngati mbaula yake inali yolimba. "Bwana, iyi mudzasiyira adzukulu," anatero akuigogoda ndi chala. Lata lake linali lopyapyala ngati la chitini cha nsomba, koma mtengo unandikopa. Patangotha milungu itatu pansi panabooka, makala amoto n'kundigwera paphazi. Nditapita kukadandaula, mkuluyo sanatekeseke.

"Pano ili kuti?"

"Adzukulu anga akuseweretsa kumasanje."

"Ndiye ndinanama pati, bwana?"

*

Malume a ku Ntaja sapusitsika chotero. Iwo mbaula amayamba aitukula, ikapepuka amaibweza osafunsa mtengo. Yawo anakawotcheretsa ku Liwonde: limu ya galimoto, miyendo itatu yachitsulo. Wakabaza anailipiritsa ngati munthu, n'kuwonjezera ya katundu. Akuba atabwera usiku anatenga nkhuku ndi wailesi, koma mbaula tinaipeza pachipata, pambali pake pali patapata mmodzi ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Kulimba ndiye simungatsutse. Kungoti imadya makala ngati ili ndi njoka m'mimba, ndipo isanatenthe n'komwe alendo amakhala atayamba kutsanzika.

*

Waya wootchera nyama amafunika wokhuthala, wopanda utoto. Mlamu wanga anaona kuti kugula n'kutaya ndalama, choncho anazula shelefu ya mufiriji, ati magetsi akazima imangokhala. Sanadziwe kuti inakutidwa ndi pulasitiki. Chambo chokongola chomwe anagula pafupi ndi baraji ya Liwonde chinatuluka chikununkha jumbo yopsa. Galu anachinunkhiza, anamuyang'ana mlamu, n'kupita kukagona.

*

Agogo a ku Ulongwe amalumbirira Chitetezo Mbaula, ija yadongo. Sichita dzimbiri, ndipo tinkhuni titatu tapsetsa nsima. Adani ake ndi awiri okha, mbuzi ndi mkamwini. Wawo atabwera madzulo kudzapereka moni, anaiyesa kampando. Moto unali utazima, koma dongo limasunga kutentha. Agogo akuti sanaonepo mkamwini waulemu chonchija: nkhani yonse anaimva ataimirira, mpaka nsima anadya chogwada.

*

Mnzanga wina wa ku Phalula amatiseka tonsefe. Akuti mu Okutobala dzuwa la Balaka silifuna mbaula: nyama ingoikani padenga la malata, mchere pang'ono, inu khalani pansi pa mtengo ndi legeni kudikira akhwangwala.